Mtsikana, sukulu ndi mimba: kumene tachokera



Ife amene timaphunzitsa m'madrasa timasunga kaundula wa maina a ana, ndipo kaundulayo amatiuza zinthu zimene makolo satiuza. Kalasi ya Alif Baa imadzaza ndi atsikana, nthawi zambiri kuposa anyamata. Pomaliza Juzu Amma amakhala akadalipo, ndipo ambiri mwa ana amene amaloweza msanga amakhala iwowo. Koma akafika zaka 13, 14 kapena 15, cholembera chimayamba kudula maina. Ukafunsa anzawo amayang'ana pansi nkuyankha kuti "ali kunyumba" kapena "akudwala", ndipo pakapita miyezi ingapo matendawo amaoneka ali kumsana. Mphunzitsi wa kupulaimale amene timagawana naye ana omwewo, iye m'mawa ife masana, amadula maina omwewo m'kaundula wake.

Mwezi uno ndi umene Qur'an idayamba kutsika, ndipo ma ayah oyambawo adali okamba za kuwerenga ndi cholembera. Tasankha tsono kuti pakati pa futari ndi taraweh tikhale pansi tione mbiri ya nkhaniyi m'dziko lathu lino, chifukwa vutoli silidayambe ndi mafoni monga momwe ena amanenera pa bwalo la mzikiti.

Chisilamu chidalowa m'dziko muno chitanyamula zolembalemba. Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, ndipo kuyambira cha m'ma 1870 mafumu akuluakulu a Chiyao monga Makanjira ndi Mponda adalandira Chisilamu. Pabwalo la mfumu pankakhala mwalimu wolemba makalata m'Chiswahili pogwiritsa ntchito malemba a Chiarabu. Pambuyo pake masheikh monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje adayenda m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuphunzitsa ndi kupereka ijaza kwa ophunzira awo. Koma maphunziro amenewa adali oyenda ndi miyendo. Mnyamata ankachoka kwawo kukakhala kwa sheikh, kumulimira ndi kumunyamulira katundu, ndipo wolimbikira ankafika mpaka ku Zanzibar. Njira yotere sidali ya mtsikana. Iye ankaphunzira udhu, swala ndi malamulo a twahara kwa mayi ake ndi kwa anakanga a kunsondo, ndipo akatha msinkhu chotsatira chidali banja.

Padali mayi mmodzi amene mbiri idamusunga. Mtumwa binti Ali, wa ku Nkhotakota, adakhala zaka zambiri ku Zanzibar nabwerera kwawo mu 1929 ali ndi ijaza ya twariqa ya Qadiriyya. Adaphunzitsa akazi ndi amuna omwe. Kaya wina amagwirizana ndi twariqa kaya ayi, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Chimene tikufuna kuti ana athu achidziwe nchakuti agogo athu adakhalapo pansi kumvera mkazi wophunzira, ndipo sadaone ngati thambo lagwa.

Sukulu ya bolodi ndi choko idabwera ndi amishoni. A Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, Aangilikani adakhazikika ku Likoma mu 1885, a Dutch Reformed ku Mvera mu 1889, ndipo Akatolika adatsatira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, koma m'malo momanga sukulu zakezake lidasankha kumapereka ndalama ku mishoni. Tanthauzo lake lidali lakuti pafupifupi sukulu iliyonse idali khomo la tchalitchi. Mwana ankalowa ali Yusufu nkutuluka ali Joseph. Makolo a Chisilamu ambiri adakana, ndipo sitingawanyoze. Akadapanda kukana, mwina enafe bwenzi lero tisakusala. Koma mtengo wake udali wowawa: pofika pa ufulu wodzilamulira mu 1964, maboma a Mangochi ndi Machinga adali m'mbuyo kwambiri pa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga, ndipo Asilamu ambiri adatsalira pa usodzi, kusoka zovala, ukhuki ndi ulonda pamene anzawo ankakhala alembi ndi aphunzitsi.

Ngati kholo lidalimba mtima nkutumiza mwana mmodzi kusukulu ya mishoni, mwanayo ankakhala wamwamuna. Mtsikana wa Chisilamu adatsalira kawiri, poyamba chifukwa cha chipembedzo chake, kachiwiri chifukwa ndi mtsikana. Izi zikutanthauza kuti ambiri mwa atsikana athu a lero agogo awo aakazi sadagwirepo pensulo, ndipo amayi awo mwina adalekezera Sitandade 3. M'nyumba yotere palibe munthu amene angamuuze mwana kuti Fomu 4 imaoneka bwanji ndi zimene imabala. Tizikumbukira zimenezi tisanathamangire kunena kuti anthu a kwathu sakonda sukulu.

Mu ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda, sukulu zothandizidwa ndi boma zidayamba kulandira ana posatengera chipembedzo, ndipo Asilamu adayamba kulowa pang'onopang'ono. Koma pulaimale idali yolipira, yunifolomu idali yokakamiza, ndipo bambo wa ana asanu ndi mmodzi wokhala ndi ndalama ya ana awiri ankadziwa kale oti awalipirire. Pamwamba pa izo padali lamulo lina limene ana a lero sangalikhulupirire. Mtsikana akapezeka ndi pathupi ankachotsedwa sukulu kotheratu. Padalibe zoti akabereka abwerenso. Amayi athu amene adaphunzira m'sekondale zogonera konko amakumbukira momwe atsikana ankayezedwera pobwera kutchuthi, ndi momwe wina ankanyamulira sutikesi yake pamutu anzake akusuzumira pa zenera. Mnyamata kapena bambo amene adapereka mimbayo kawirikawiri ankapitiriza moyo wake ngati palibe chachitika.

Zinthu zidatembenuka m'zaka zitatu zokha. Mu 1991 boma, mothandizidwa ndi bungwe la USAID la ku America, lidayambitsa ntchito yotchedwa GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana. Kudzera m'ntchitoyi atsikana a kupulaimale amene sankabwereza kalasi adachotseredwa fizi. Mu 1993 lamulo lochotsa mtsikana kotheratu lidathetsedwa: tsopano ankayenera kupuma chaka chimodzi, kenako nkupempha kubwerera, ndipo ngati wopereka mimbayo adali mwana wasukulu nayenso ankayenera kupuma chaka. Mwayiwu udali wa kamodzi kokha. Mu 1994 Bakili Muluzi, Msilamu woyamba kukhala mtsogoleri wa dziko lino, adalengeza pulaimale yaulere, ndipo chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Ntchito ya GABLE yokopa makolo m'midzi idayesedwa koyamba ku Machinga, kumene ophunzira a ku Chancellor College ankakhala m'mudzi kwa masiku, kumva zimene anthu akunena, kenako nkuchita sewero pabwalo la mfumu lofunsa anthuwo mafunso awo omwe.

Tiyenera kuvomereza kuti pa nkhani ya kubwerera kusukulu dziko lathu lidatsogola. Zambia idakhazikitsa lamulo lotere mu 1997. Ku Mozambique, lamulo la mu 2003 linkasamutsira atsikana oyembekezera ku makalasi a usiku, ndipo lidachotsedwa mu 2018. Ku Tanzania, pulezidenti John Magufuli adanenetsa mu 2017 kuti mtsikana wobereka sadzabwerera m'sukulu za boma iye ali pampando, ndipo chiletsocho chidachotsedwa mu Novembala 2021 mu ulamuliro wa Samia Suluhu Hassan. Sierra Leone, dziko limene Asilamu ndi ochuluka, idaletsa atsikana oyembekezera kulowa m'kalasi mu 2015 pa nthawi ya mliri wa Ebola, ndipo idasintha mu 2020 khoti la ECOWAS litagamula kuti chiletsocho ndi tsankho.

Koma lamulo la papepala ndi moyo wa m'mudzi ndi zinthu ziwiri. Pulaimale yaulere idadzaza makalasi popanda aphunzitsi okwanira, boma lidalemba ntchito aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa, ana ankaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo kubwereza kalasi kudakhala chizolowezi. Apa mpamene pagona nkhani imene ambiri saiona. Mwana amene wayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 8, nabwereza kawiri kapena katatu, amatha msinkhu ali mu Sitandade 4 kapena 5. Ndi namwali wathunthu wokhala pansi pakati pa tiana, sadziwa kuwerenga bwino, sukulu ilibe chimbudzi chabwino choti adzisamalire pa masiku ake a kumwezi, ndipo Sitandade 8 ikuoneka kutali ngati tsidya la nyanja. Amene wapirira nkusankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, zimene zidakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwina sukuluyo ili pa mtunda wa makilomita 10. Makolo amamupezera kachipinda ka lendi pa tireding'i senta kuti azidziphikira yekha. Ufa ukatha pakati pa teremu, pamapezeka wa kabaza kapena wa golosale woti "amuthandize".

Kafukufuku wa boma wa za umoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali oyembekezera, ndipo amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Mwa atsikana amene sadapiteko kusukulu, oposa theka adali atayamba kale kubereka. Manambala amenewa ali ndi thupi. Chiuno cha mwana wa zaka 14 sichinakhwime, mwana amatha kukakamira panjira, ndipo zotsatira zake ndi imfa kapena matenda a fistula, amene amachititsa mayi kutuluka mkodzo kosalekeza. Pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera ochitira maopaleshoni a matendawa. Ife aphunzitsi a fiqh timafunsidwa ndi amayi otere kuti aziswali bwanji pamene udhu sukhazikika, ndipo yankho lilipo m'mabuku, koma funsolo silichoka msanga mumtima.

Funso limene anthu akhala akukangana ndi lakuti: kodi mimba ndi imene imachotsa mtsikana kusukulu, kapena kuchoka kusukulu ndi kumene kumabweretsa mimba? Yankho lina labwino lidachokera kwathu konkuno, m'boma la Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009 akatswiri atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, adachita kafukufuku pa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 m'madera 176. Madera adagawidwa mwa maere. M'madera ena mabanja ankalandira ndalama mwezi uliwonse pokhapokha ngati mtsikana akupita kusukulu masiku osachepera 80 mwa 100. M'madera ena ankalandira popanda lamulo lililonse. M'madera otsala sankalandira kanthu. Ndalamazo zidali zochepa: kholo linkalandira pakati pa madola 4 ndi 10, mtsikana mwini wake pakati pa dola imodzi ndi madola 5.

Zotsatira zake zidadabwitsa ngakhale eni kafukufukuyo. Ndalama za lamulo zidasunga atsikana ambiri m'kalasi ndipo zidakweza kakhozedwe kawo, monga momwe aliyense ankayembekezera. Koma zimene zidachepetsa kwambiri mimba ndi maukwati zidali ndalama zopanda lamulo zija: mimba zidatsika ndi 27 pa 100, maukwati ndi 44 pa 100, poyerekeza ndi madera amene sadalandire. Chifukwa chake chidali chakuti m'gulu la lamulo, mtsikana akangosiya sukulu ndalama zinkaima, ndipo ankagwera m'banja kapena m'manja mwa mwamuna. M'gulu linalo, ngakhale wosiya sukulu ankalandirabe, ndipo kandalama kochepako kankamukwanira kukana. Akatswiriwo atabwereranso patapita zaka ziwiri ndalama zitasiya kuperekedwa, adapeza kuti atsikana a gulu lopanda lamulo adali atafanana ndi anzawo pa mimba ndi maukwati. Phindu limene lidakhalitsa lidaoneka mwa atsikana amene adali atasiya kale sukulu kafukufukuyo asanayambe, amene ndalama za lamulo zidawabwezera m'kalasi.

Ife tikawerenga zimenezi timaona zinthu ziwiri. Choyamba, atsikana ambiri amene timawatchula kuti opanda khalidwe ndi ana anjala, ndipo mtengo wa sopo ndi mafuta odzola ndi umene umawagulitsa. Izi sizichotsa tchimo pa zina, koma zimationetsa pamene shaitani amalowera. Chachiwiri, thandizo la chaka chimodzi limangochedwetsa tsoka. Amene mukuwerengera zakaat yanu m'masiku ano, dziwani kuti mtsikana wa m'banja losauka ali m'gulu la mafakiri ndi masikini amene zakaat imawayenera, ndipo kumutenga mmodzi kuchokera Fomu 1 mpaka Fomu 4 kuli ndi phindu loposa kugawa timapaketi kwa anthu makumi asanu tsiku limodzi nkujambulitsa. Mabungwe monga Islamic Zakaat Fund akhala akulipirira ophunzira kwa zaka zambiri, ndipo ku Mangochi kuli koleji ya Maryam yophunzitsa atsikana uphunzitsi, koma ofuna thandizo ndi ochuluka kuposa malo.

Malamulo a ukwati adasintha mochedwa. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 ankalola munthu wa zaka 15 mpaka 18 kulowa m'banja makolo akavomereza. Mu 2015 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la maukwati loika zaka 18, ndipo mu February 2017 idasintha malamulo aakuluwo kuti mpata wa chilolezo cha makolo utsekedwe. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto idatchuka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana oposa 800 ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankawaloleza.

Pano tiyenera kudziyang'ana tokha. Mtsikana akapezeka ndi mimba, zimene mabanja athu ambiri amachita ndi kuthamangira kwa sheikh kuti amange nikah usiku womwewo, manyazi aphimbike. Ena amamangitsa nikah ya mwana wa Sitandade 7 chifukwa mnyamata wabwera kuchokera ku Joni ndi foni, njinga yamoto ndi malata. Pakatha miyezi itatu mnyamatayo wabwerera ku Johannesburg, mtsikana watsala ndi pathupi pakhomo pa apongozi kapena pa mayi ake, ndipo ndalama zimabwera chaka choyamba chokha. Amene amati chipembedzo chimalola aiwala kuti chipembedzo chomwecho chidaika chilolezo cha mkazi kukhala chofunika pa nikah. Mu Sahih Bukhari muli nkhani ya Khansa bint Khidham, amene bambo ake adamukwatitsa iye asakufuna, ndipo atakadandaula kwa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ukwatiwo udathetsedwa. Kukhala chete kwa mwana wa zaka 14 amene wazunguliridwa ndi amalume ake atatu sitingakutche chilolezo ndi mtima woyera. Za zinamwali tinene mwachidule: malangizo a ukhondo ndi ulemu ndi abwino, koma kumene ana a zaka 10 akuphunzitsidwa za kuchipinda kapena kuuzidwa kuti akasase fumbi, chimenecho si Chisilamu, ndipo masheikh ambiri akhala akuchidzudzula poyera.

Chaka cha 2020 chidayesa zonsezi. Sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi chifukwa cha Covid-19 ndipo zidayamba kutsegulidwa mu Seputembala. Kafukufuku wachangu wa boma adanena za mimba za atsikana pafupifupi 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Boma la Mangochi lokha lidalengeza mimba za atsikana zoposa 7,000 kuyambira Januwale mpaka Juni, ndipo wailesi zidalira nazo sabata yathunthu. Chimene ambiri sadachimve nchakuti m'miyezi yomweyo chaka cha 2019, sukulu zili zotsegula, chiwerengerocho chidali choposa 6,000. Mliri udangowonjezera pa mulu umene udalipo kale, umene tidauzolowera.

M'zaka zomwezo nkhani yakale ija ya sukulu za mishoni idabwereranso m'chovala china. Mkangano wa hijab m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma udafika pa ziwawa ku Balaka mu 2019, sukulu zina zidatsekedwa kwa nthawi, ndipo mu 2021 atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu adasainirana mgwirizano, mothandizidwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, wolola atsikana kuvala hijab yogwirizana ndi yunifolomu. Tidakondwa, ndipo mpake. Koma tidaona anthu amene adayenda mtunda wautali kukamenyera ufulu wa mtsikana kuvala hijab m'kalasi, osayendapo ngakhale mayadi khumi kukafunsa chifukwa chimene mtsikana yemweyo sadabwerere m'kalasimo teremu yotsatira.

Lamulo la kubwerera kusukulu lidakonzedwanso mu 2006 ndi mu 2018, ndipo m'sukulu zambiri muli magulu a amayi amene amayendera atsikana obereka ndi kuwalimbikitsa. Obwerera akadali ochepa. Palibe womusiyira mwana, anzake amamuitana kuti "make mwana" aphunzitsi akuseka nawo. Ena mwa ife timaopa kuti kumulandira ndi kulimbikitsa chiwerewere, kuti ena atengera. Mantha amenewa ndi omwe adali kumbuyo kwa lamulo lakale lija, ndipo zaka zonse zimene lidagwira ntchito mimba sizidathe. Chimene chidachuluka ndi amayi osaphunzira olera ana osaphunzira. Surah An-Nur ikatchula chilango cha zina imatchula mkazi ndi mwamuna limodzi, ndipo surah yomweyo imaika chilango chokhwima pa onamizira akazi popanda mboni zinayi. Ife tidatenga theka la nkhaniyo. Mnyamata amaima pa safu yoyamba Lachisanu, mwinanso nkuchita adhana, pamene mtsikana satulukanso m'nyumba masana. Ndipo kumene wopereka mimba ndi munthu wamkulu, mphunzitsi kapena wachibale, imeneyo si nkhani yokambirana pa mphasa ndi mbuzi. Ndi mlandu wa kupolisi.

M'madrasa amene ife tikuwadziwa mulibe pepala lililonse lonena kuti mtsikana wobereka achotsedwe, komanso mulibe lonena kuti abwerere. Amangosiya kubwera, ife nkudula dzina. Chaka chatha mmodzi mwa ophunzira athu akale adabwera yekha, mwana ali kumsana, nakhala kunja pafupi ndi zenera kumvetsera anzake akuwerenga Surah Al-Mulk imene iye adailekeza pakati. Komiti idakambirana masabata awiri ngati nkoyenera kuti alowe. Amayi ena adati awachotsa ana awo. Pamapeto pake adaloledwa kumabwera Loweruka m'mawa pa darasa la amayi akuluakulu, iye ali ndi zaka 16, ndipo kupulaimale sadabwererenso chifukwa agogo amene akadamusungira mwana adamwalira mwezi wa Shaabani.